Lipoti la nkhani: chiyerekezo cha pa kompyuta chimene chinasonyeza chamadzimadzi chikukana kusanduka galasi

Lipoti lino likufotokoza vuto limene linabuka m'kafukufuku wa wophunzira wa digiri yachiwiri amene ndimamuyang'anira kuno ku Harare, mmene tinalifufuzira, zimene tinapeza kuti zinaliyambitsa, ndiponso mmene tasinthira kagwiridwe ka ntchito kuchokera pamenepo. Kafukufukuyo ndi woyerekezera pa kompyuta mmene maatomu a chinthu chosungunuka amachedwera kusuntha chinthucho chikamazizira kulowera ku galasi. Zotsatira zoyamba zinaoneka ngati zavumbula chinthu chatsopano, koma kwenikweni zinabadwa kuchokera ku zosokoneza ziwiri zosiyana zimene zinkakokera manambala mbali imodzi. Ndaona kuti n'koyenera kuzilemba mwatsatanetsatane chifukwa kompyuta siichenjeza munthu za chilichonse mwa ziwirizi, ndipo galafu imene imatuluka imakhala yosalala ndi yokhutiritsa moti ngakhale munthu wozolowera ntchitoyi akhoza kuilandira.

Maziko a funso

Chinthu chosungunuka chikamazizira pang'onopang'ono, nthawi zambiri chimasanduka kristalo, maatomu ake n'kundanda m'mizere yobwerezabwereza. Koma chikazizira mofulumira kuposa mmene maatomu angapezere mizereyo, chimadutsa mlingo umene chikanaumira chikadali chamadzimadzi, n'kumalimbiralimbira mpaka kufika poti sichingayendenso m'nthawi imene munthu angathe kudikira. Pamenepo timati chasanduka galasi. Mwa mgwirizano chabe, asayansi amaika malirewo pamene viscosity, ndiko kuti mlingo wa mmene chinthu chimakanira kuyenda chikamathiridwa, yafika pa 10^12 Pa·s, kapena pamene maatomu akutenga masekondi pafupifupi 100 kuti asinthane malo. Madzi akumwa ali ndi viscosity ya pafupifupi 0.001 Pa·s, choncho kusiyana kwa ziwirizi ndi 1 wotsatidwa ndi maziro 15. Chovuta kumvetsa n'chakuti mukajambula maatomu a chamadzimadzi ndi a galasi, zithunzi ziwirizo zimafanana kwambiri, pakuti zonse n'zopanda mizere, komabe chimodzi chikuyenda pamene chinacho chaima. Mu 1995 Philip Anderson analemba kuti limeneli mwina ndilo funso lozama kwambiri limene silinayankhidwe m'sayansi ya zinthu zolimba, ndipo mpaka lero palibe yankho limene onse alivomereza.

Chimene timayeza ndi nthawi imene maatomu amatenga kuti achoke pamalo awo n'kuiwala mmene anaimira poyamba. Nthawi yomasukira imeneyi timailemba ndi chilembo cha tau. Mukajambula logarithm ya tau molingana ndi 1 wogawidwa ndi kutentha, zinthu zina, monga silika, zimapereka mzere pafupifupi wowongoka, monga mwa lamulo la Arrhenius, kusonyeza kuti chopinga chimene atomu iyenera kudumpha chimakhala chofanana kaya kwatentha kaya kwazizira. Zina, monga ortho-terphenyl, zimapereka mzere wokhotera m'mwamba, kusonyeza kuti chopingacho chikukula pamene kukuzizira. Austen Angell ndiye anazigawa m'magulu awiriwa, loyamba n'kulitcha strong, lachiwiri fragile. Kukhota kwa gulu lachiwirili kumalembedwa kawirikawiri ndi masamu amene Vogel anapereka mu 1921, Fulcher mu 1925, ndi Tammann pamodzi ndi Hesse mu 1926, amene amalosera kuti tau idzakula mopanda malire pa mlingo wina wa kutentha wotchedwa T0.

Chitsanzo ndi njira imene inatsatidwa

Wophunzirayu anagwiritsa ntchito chitsanzo chimene Walter Kob ndi Hans Andersen anachifalitsa mu 1994 ndi 1995, chimene chakhala poyambira pa anthu ambiri m'ntchito imeneyi. Ndi chisakanizo cha mitundu iwiri ya maatomu, 80 pa 100 alionse a mtundu wa A ndi 20 a mtundu wa B, okokana ndi kukankhana mwa lamulo la Lennard-Jones. Kuya kwa chikoka ndi 1.0 pakati pa A ndi A, 1.5 pakati pa A ndi B, ndi 0.5 pakati pa B ndi B, pamene kukula kwake ndi 1.0, 0.8 ndi 0.88 mwa dongosolo lomwelo. Manambalawa anasankhidwa dala kuti A ndi B azikondana kwambiri kuposa mmene aliyense amakondera mtundu wake, kuti chisakanizocho chisapatukane msanga n'kupanga kristalo. Monga anachitira eni chitsanzocho, iye anaika maatomu 800 a A ndi 200 a B m'bokosi la mbali za utali wa 9.4, lopanda makoma, mwakuti atomu ikatulukira mbali imodzi imalowera mbali inayo. M'chiyerekezo chotere sitigwiritsa ntchito madigiri kapena masekondi: utali umayezedwa ndi kukula kwa atomu ya A, ndipo kutentha kumayezedwa ndi kuya kwa chikoka cha pakati pa ma A awiri. Chamadzimadzi chimayamba kuchedwa modabwitsa kutentha kukatsika kupyola 1.0, ndipo Kob ndi Andersen anapeza kuti chiphunzitso cha mode coupling, chimene chimalosera mlingo wa kutentha pamene maatomu amaimiratu, chimaika malire ake pa 0.435.

Pulogalamu inali LAMMPS, yochokera ku Sandia National Laboratories ku America, imene Steve Plimpton anaifotokoza mu 1995. Sitepe iliyonse ya nthawi inali 0.005. Kutentha kunkasungidwa ndi thermostat (njira ya m'pulogalamu yosungira kutentha pamlingo umodzi) ya Langevin, nambala yake ya damp, imene ili nthawi imene thermostat imatenga kuti ithetse liwiro la atomu, ili 1.0, chifukwa fayilo ya malangizo imene wophunzirayu anayambira nayo inali yolembedwera ma polymer (mamolekyu aatali onga unyolo), ndipo thermostat imeneyi imabweza kutentha pamalo pake mosavuta chiyerekezo chikadukizidwa. Mfundo yomalizayi inali yofunika kwa iye, pakuti ntchito yonse inkachitika pa kompyuta wamba ya pa desiki yodalira batire ndi inverter, ndipo magetsi akazima nthawi yaitali batire linkatha chiyerekezo chisanathe.

Pofuna kupeza tau, iye anawerengera self-intermediate scattering function, imene mwachidule timailemba Fs, ya maatomu a A, pa q (nambala yosankhira mtunda umene tikuyezerapo kusuntha) ya 7.25, imene imagwirizana ndi mtunda wa pakati pa maatomu oyandikana. Fs imayambira pa 1, pamene atomu iliyonse idakali pamalo ake, n'kumatsika kulowera ku ziro pamene maatomu akuchoka, ndipo tau ndi nthawi imene Fs yafika pa 0.37. Kukazizira, kutsikaku kumachitika m'magawo awiri. Poyamba atomu imanjenjemera m'khola la anzake oizungulira, osapitirira gawo limodzi mwa magawo asanu a kukula kwake, ndipo Fs imatsika pang'ono n'kuima. Pambuyo pake, khola likasweka, imatsika kachiwiri mwa mzere wotambasuka umene Rudolf Kohlrausch anaulemba koyamba mu 1854 pamene ankayeza mmene magetsi otsalira amathera m'botolo la galasi la Leyden.

Chimene chinaoneka

Kuyambira pa kutentha kwa 2.0 mpaka cha pa 0.6, zonse zinali bwino: tau inkakwera, ndipo mzere unkakhotera m'mwamba monga mmene chitsanzochi chimadziwikira. Koma kuchokera cha pa 0.55 kutsika, mzerewo unayamba kugona, ndipo pa 0.5, 0.45 ndi 0.42 tau inakhala pafupifupi pamodzimodzi, cha m'ma 40. Wophunzirayu, amene agogo ake anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito kuno kale kwambiri ndipo iye anakulira ku Mufakose, timalankhulana m'Chichewa tikakhala awiri, ndipo anabwera ndi galafuyo atasangalala. Anati, "Aphunzitsi, mzerewu wagona. Kodi si kusintha kuja kochoka ku fragile kupita ku strong kumene ena anakuona mu silika?" Funso lake silinali lachibwana, chifukwa kusintha koteroko kunaonekadi m'ziyerekezo za silika, ndipo anthu akhala akukambirana ngati kumachitikanso m'zitsanzo ngati chathuchi kukazizira kwambiri.

Ndinamuyankha kuti, "Tiyeni tiwerenge kutsetsereka kwa mzerewu tisanaupatse dzina." Chinthu cha strong chimaperekabe mzere wokwera, wowongoka koma wokwera ndithu, chifukwa chopinga chilipobe. Mzere wogoneratu umatanthauza kuti chopinga chatheratu, kuti atomu yopanikizika m'khola pa 0.42 ikumasuka mosavuta mofanana ndi ya pa 0.5, ndipo zimenezi sizigwirizana ndi chilichonse chimene tikudziwa. Pa 0.45 zofalitsidwa zimasonyeza tau ya m'masauzande, osati m'makumi. Kusiyana kotere sikungakhale kwa mwayi.

Tinayamba ndi zosavuta kuzichotsa. Sitepe ya nthawi sinali yaikulu mopitirira, ndipo kuichepetsa ndi theka sikunasinthe kanthu. Kutentha kolembedwa m'fayilo ya zotsatira kunali komwe kunapemphedwa. Malo a maatomu anasungidwa m'njira yoyenera, yosawabwezera m'bokosi akadutsa malire, choncho panalibe kudumpha konama kwa 9.4. Tinayang'ananso ngati chisakanizocho chinayamba kupanga kristalo, chifukwa zimadziwika kuti m'ziyerekezo zazitali maatomu a A amatha kusonkhana okhaokha n'kundanda, ndipo mu 2018 Pedersen, Schrøder ndi Dyre anasonyeza kuti chitsanzochi chimasungunuka cha pa 1.03, kutanthauza kuti mbali yonse ya ntchito yathu ya m'munsi mwa mlingo umenewu imachitika pamalo pamene kristalo ndiyo yokhazikika kwenikweni. Koma mphamvu yosungidwa m'maatomu sinagwe mwadzidzidzi, ndipo kristalo ikanachedwetsa kuyenda m'malo mokufulumizitsa.

Chizindikiro choyamba chinabwera titasiya kuyang'ana avereji n'kujambula Fs ya bokosi limodzi kuchokera pa nthawi imodzi yoyambira. M'malo motsika mwakachetechete kufika ku ziro, mzerewo unkagwedezeka, kutsika kupyola ziro n'kukweranso, ngati kuti maatomu onse 800 akupita mbali imodzi nthawi imodzi. Titaonetsa maatomuwo pa sikirini, n'kupaka utoto wofiira atomu imodzi ndi anzake oizungulira, tinaona zimenezo ndi maso: pa 0.45, kuchokera pa chithunzi choyamba kufika pa chithunzi cha pambuyo pa nthawi ya 200, anzake anali omwewo, ataima m'dongosolo lomwelo, koma gulu lonselo linali litasendera kumbali ndi mtunda woposa theka la atomu. Khola silinasweke. Linangosamuka lonse.

Aliyense amene anakwerapo kombi yodzaza m'mawa kuchokera ku Mbare kulowa m'tauni amadziwa kuti munthu wokhala pampando wam'mbuyo sangathe ngakhale kusuntha bondo, ndipo amene ali kumanja ndi kumanzere kwake amakhala omwewo ulendo wonse. Komabe wina ataima m'mbali mwa msewu n'kumayeza, anganene kuti munthuyo wayenda makilomita angapo. Ife tinkafuna kudziwa nthawi imene wokwerayo amatenga kuti asinthe mpando, koma fayilo yathu inkayeza kuchokera mumsewu.

Chifukwa chake, ndi masamu ake

Thermostat ya Langevin imachita zinthu ziwiri pa atomu iliyonse pa sitepe iliyonse: imaikokera m'mbuyo molingana ndi liwiro lake, ndipo imaikankha mwachisawawa. Kukankha kwa maatomu 1000 kukaphatikizidwa sikufafanizana kotheratu, koma kumatsala kanthu kofanana ndi kukankha kumodzi kuchulukitsa ndi square root ya 1000, imene ili pafupifupi 32. Chotsalacho chimakankha bokosi lonse, moti malo apakati a kulemera kwa maatomu onse amayendayenda mwachisawawa. Limeneli si vuto la pulogalamu. Kwa munthu amene akuyerekezera polymer yoyandama m'madzi, kuyendayenda kumeneku n'koyenera, ndipo buku la malangizo a LAMMPS limanena poyera kuti mawu akuti zero mu lamulo la fix langevin, amene amafafaniza kukankha kotsalako, amakhala pa no pokhapokha wogwiritsa ntchito atawasintha kukhala yes. M'chamadzimadzi chotentha kuyendaku sikuoneka n'komwe, chifukwa atomu iliyonse payokha imathamanga kwambiri kuposa bokosi. Kumaonekera kwambiri m'ntchito ya galasi, mmene chinthu chimene tikuyeza chimachepa kambirimbiri pamene chosokonezacho chikukhala chimodzimodzi.

Ubwino wa chosokoneza chimenechi n'ngwakuti chimawerengeka ndi pensulo. Mlingo wa kufalikira kwa bokosi lonse, D, ndi kutentha kuchulukitsa ndi damp, kugawa ndi chiwerengero cha maatomu ndi kulemera kwa atomu imodzi. Pa 0.45 zimenezi zikupereka 0.45 kugawa ndi 1000, ndiye kuti 0.00045. Kuyenda kotere pakokha kumatsitsa Fs kufika pa 0.37 m'nthawi ya 1 kugawa ndi D yochulukitsidwa ndi q kawiri. Popeza 7.25 kuchulukitsa ndi 7.25 ndi pafupifupi 52.6, yankho lake ndi pafupifupi 42. Pa 0.5 yankho ndi 38, ndipo pa 0.42 ndi 45. Amenewa ndiwo anali malire amene tau sikanatha kuwapyola, ngakhale maatomu akanamatidwa ndi guluu, ndipo ndi manambala omwewo amene anali pa galafu ya wophunzirayu.

Sindinafune kuti tikhutire ndi kufanana kwa manambala kokha, choncho tinayesa kulosera. Ngati kufotokozaku kuli koona, kuchulukitsa maatomu kasanu ndi katatu, kufika pa 8000 m'bokosi la 18.8, kuyenera kukweza malirewo kasanu ndi katatu, kufika cha pa 340, pamene kusintha kwenikweni kwa chamadzimadzi sikukanadalira kukula kwa bokosi mwanjira yotere. Bokosi lalikululo linachita monga tinalosera: mzere unapitiriza kukwera kupyola 40 n'kukagonera m'mahandiredi. Chosangalatsa n'chakuti mafayilo akale sanatayidwe, chifukwa kuchotsa kusuntha kwa malo apakati pa chithunzi chilichonse musanawerengere Fs kumakonza vutoli popanda kuyendetsanso chiyerekezo. Kusankha kwa Langevin pakokha sikunali kulakwa, pakuti mu 1998 Gleim, Kob ndi Binder anasonyeza kuti gawo lochedwa la kumasuka limakhala ndi maonekedwe omwewo kaya maatomu akuyenda mwa malamulo a Newton okha kaya akukankhidwa mwachisawawa, kusiyana kuli pa liwiro la wotchi basi.

Chosokoneza chachiwiri

Titakonza zimenezi, tau ya pa 0.5 inakwera kufika m'mahandiredi, mogwirizana ndi zofalitsidwa, ndipo tikanatha kutseka nkhaniyo pomwepo. Koma mfundo ziwiri zozizira kwambiri zinali zikadali m'munsi mwa pamene mzere unkaloza, ndipo mabokosi osiyana a kutentha kumodzimodzi ankapereka mayankho otalikirana kwambiri. Apa ndi pamene ntchitoyi imafuna kuleza mtima, chifukwa chosokoneza choyamba chinali chitaphimba chachiwiri, ndipo chachiwirichi ndi chovuta kwambiri, popeza sichichokera m'fayilo ya malangizo koma m'khalidwe la galasi lenilenilo.

Chamadzimadzi chikaziziritsidwa mwadzidzidzi kuchoka pa 2.0 kufika pa 0.45, liwiro la maatomu limatsika nthawi yomweyo, ndipo pulogalamu imalemba kuti kutentha ndi 0.45. Koma kaimidwe ka maatomu kamakhala kakadali ka chinthu chotentha, kosakhazikika bwino, kokhala ndi malo ofooka ambiri. Kuti kafike pa kaimidwe koyenera kutentha kwatsopanoko, maatomu ayenera kusinthana malo kangapo, ndipo kusinthana kulikonse kumatenga nthawi yofanana ndi tau yomwe tikufuna kuyezayo. M'nyengo yodikirayi chinthucho chimakalamba: mphamvu yake yosungidwa imatsika pang'onopang'ono, ndipo tau imakula molingana ndi nthawi imene yapita chiziziritsireni. Kob ndi Jean-Louis Barrat anasonyeza zimenezi m'chitsanzo chomwechi mu 1997. Tau yoyezedwa msanga imakhala yaing'ono nthawi zonse, choncho kukalamba nakonso kumagonetsa mzere kumapeto kozizira, mbali yomweyo imene kuyenda kwa bokosi kunkaugonetsera.

Tinajambula mphamvu yosungidwa molingana ndi nthawi. Pa galafu wamba mzerewo unkaoneka wogona, ngati wa chinthu chokhazikika, koma titaika nthawi pa sikelo ya logarithm zinaoneka kuti ukutsikabe, osasonyeza kuti uima posachedwa. Kenako tinagawa chiyerekezo chilichonse pakati n'kuwerengera Fs ya theka loyamba ndi ya theka lachiwiri padera, ndipo lachiwiri linali lochedwa koonekeratu. Wophunzirayu anali atatenga avereji ya nthawi zonse zoyambira pamodzi, njira imene ili yolondola kwa chinthu chokhazikika koma imene imabisa kukalamba. Kutalikirana kwa mabokosi nakonso kunamveka titawerenga kabuku kake ka ntchito. Magetsi akazima mafayilo opitirizira (osunga pamene chiyerekezo chafika) asanalembedwe, iye ankayambiranso bokosilo kuchokera ku kaimidwe kotentha, ndipo pofuna kubweza nthawi yotayika ankafupikitsa gawo lodikira. Mabokosi amene analembedwa kuti ndi a 0.45 onse anali ndi zaka zosiyana, ena akhanda ena achikulire, ndipo avereji yawo sinali nambala ya chinthu chilichonse chenicheni.

Anandifunsa kuti, "Nanga aphunzitsi, tingadziwe bwanji kuti tadikira mokwanira, pamene muyeso wa kudikirako ndi nambala yomwe sitinaipezebe?" Funso limeneli ndilo phata la ntchito yonseyi, ndipo lilibe yankho lachidule. Chimene tingachite ndi kufunsa bokosilo mafunso angapo osiyana n'kuona ngati mayankho akugwirizana. Mphamvu isamatsikenso ikajambulidwa pa logarithm ya nthawi, ndipo theka loyamba ndi lachiwiri apereke Fs imodzimodzi. Maatomu ambiri akhale atayenda mtunda wa maatomu angapo kuchoka pamene anayambira. Yeso limene ndimalikhulupirira koposa ndi lofikira kutentha kumodzi kuchokera mbali ziwiri: bokosi lina lizizire kuchoka pa 0.55 kufika pa 0.5, lina litenthetsedwe kuchoka pa 0.45 litakhazikika kale kufika pa 0.5 pomwepo, ndipo ngati awiriwa afika pa mphamvu imodzi ndi tau imodzi, ndiye kuti onse aiwala kumene anachokera. Bokosi lokalamba likhoza kunamiza yeso limodzi, koma n'kovuta kuti mabokosi awiri ochokera kosiyana anamize mofanana.

Zimene tasintha

Tsopano timaziziritsa m'magawo, bokosi lililonse kuyambira pa kaimidwe kokhazikika ka kutentha koyandikana nako, ndipo timadikira nthawi yosachepera tau kuchulukitsa ndi 100 tisanayambe kuyeza. Podikira timagwiritsa ntchito thermostat ya Nosé ndi Hoover, ndipo poyeza timaichotsa n'kusiya maatomu aziyenda mwa malamulo a Newton okha, titaonetsetsa kuti liwiro la bokosi lonse ndi ziro; kusuntha kwa malo apakati kumalembedwabe m'fayilo ya zotsatira kuti tizikuona. Mafayilo opitirizira amalembedwa pafupipafupi m'mafayilo awiri osinthana, kuti magetsi akazima pakati pa kulemba imodzi ikhale yabwinobwino, ndipo dzina la fayilo iliyonse limasonyeza nthawi imene yapita chiziziritsireni.

Timayendetsanso mabokosi angapo odziimira paokha pa kutentha kulikonse, ndipo chifukwa chake n'chozama kuposa kungochepetsa phokoso la manambala. Mu 1997 Kob, Donati, Plimpton, Poole ndi Glotzer anasonyeza kuti m'chitsanzochi maatomu othamanga sabalalika mofanana m'bokosi koma amakhala m'timagulu, ndipo chaka chotsatira kunaoneka kuti amayenda motsatizana ngati mkanda, ina kulowa pamalo pamene ina yachoka. M'bokosi la maatomu 1000 lozizira, zochitika zoterezi zimakhala zochepa pa nthawi imodzi, moti bokosi lina likhoza kukhala phee kwa nthawi yaitali pamene linzake likutakataka, ngakhale onse ali okhazikika bwino. Kusiyana kumeneku ndi mbali ya sayansi yeniyeni ya galasi, ndipo kuyenera kusiyanitsidwa ndi kusiyana kochokera ku zaka za mabokosi, kumene kunali m'zotsatira zoyamba zija.

Ndi njira yatsopanoyi, mzere unakhotera m'mwamba mosalekeza mpaka pa 0.45, pamene tau inafika m'masauzande, mogwirizana ndi zimene ena anapeza. Mfundo ya pa 0.42 tinaichotsa m'zotsatira chifukwa sinapambane mayeso a kukhazikika. Wophunzirayu anadandaula kuti mfundo imeneyo ndiyo inadya nthawi yambiri ya kompyuta, ndipo ndinamumvetsa, koma tinaisunga m'chaputala china monga chitsanzo cha kukalamba, mmene ili ndi phindu lenileni, pakuti imasonyeza bwino tau ikukula ndi nthawi yodikira.

Malire a zimene tinganene

Ndi bwino kunena poyera mtunda umene uli pakati pa chiyerekezo chathu ndi galasi la pa windo. Tikatenga miyeso ya maatomu a mpweya wa argon, nthawi ya 1 m'chiyerekezo ndi pafupifupi ma picosecond awiri (picosecond ndi gawo limodzi mwa magawo thiriliyoni a sekondi), choncho masitepe 100 miliyoni a 0.005 amangokwana pafupifupi microsecond imodzi, ndiko kuti gawo limodzi mwa magawo miliyoni a sekondi. Pakati pa microsecond ndi masekondi 100 pali maziro 8. Chamadzimadzi chathu chozizira kwambiri chikadali chothamanga kwambiri poyerekeza ndi chimene wa mu labotale angachitche galasi, ndipo mbali yaikulu ya kuchedwa kumene tikufuna kumvetsa ili kutsogolo kumene kompyuta yathu singafike. Mu 2017 Ninarello, Berthier ndi Coslovich anasonyeza kuti njira ya swap Monte Carlo, yolola maatomu awiri osiyana kukula kusinthana malo mwachindunji, imafulumizitsa kukhazikika ndi maziro oposa 10 m'zitsanzo zokhala ndi maatomu a misinkhu yambiri. M'chitsanzo cha Kob ndi Andersen choyambirira njirayi siithandiza, chifukwa A ndi B amasiyana kwambiri moti pafupifupi kusinthana konse kumakanidwa. Imathandizanso pa kukhazikitsa bokosi mokha, pakuti kuyeza tau kumafunabe kuyenda kwachibadwa. Tagwirizana kuti gawo lotsatira la kafukufukuyu lisamukire ku chitsanzo cha misinkhu yambiri, chifukwa kwa anthu a kompyuta imodzi ndi magetsi osadalirika, kufupikitsa nthawi yodikira ndiko kupindula kwakukulu kumene tingapeze.

Nkhani yotsala inali ya T0. Wophunzirayu anagwirizanitsa mfundo zake ndi masamu a Vogel, Fulcher ndi Tammann, n'kupeza T0 ya cha pa 0.3, imene ili pafupi ndi zofalitsidwa, ndipo anafuna kuilemba m'chidule cha kafukufuku monga kutentha kumene chamadzimadzi chimaimiratu. Ndinamupempha kuti abwereze kugwirizanitsako atachotsa mfundo imodzi yotentha kwambiri, kenako atachotsa yozizira kwambiri, ndipo T0 inasuntha nthawi zonse ziwiri, pamene masamu ena osalosera kuimiratu kulikonse anadutsa m'mfundo zomwezo mokhutiritsa chimodzimodzi. Ngakhale malire a 0.435 a mode coupling si malo amene maatomu amaimadi, popeza ziyerekezo zazitali zasonyeza chitsanzochi chikumasukabe m'munsi mwake. Choncho T0 tinaiika m'tebulo la mkati, pamodzi ndi mndandanda wa mfundo zimene zinagwiritsidwa ntchito pa kugwirizanitsa kulikonse, ndipo chidule cha kafukufuku chikunena za tau kuyambira pa 2.0 mpaka pa 0.45 mokha.